Chithunzi Chikajambulidwa Chimapita Kuti? Mbiri ya Ojambula ku Dowa ndi Ntchisi

Pa Mponela, pa Madisi, pa Malomo ngakhalenso pa boma la Ntchisi pali timashopu tomwe munthu sangatiphonye, chifukwa zimasipika zoikidwa pakhomo zimamveka akadali kutali. M'kati mwake mumakhala tebulo, kompyuta imodzi yotopa, zingwe zopiringizana, ndi mnyamata amene anthu amangomuti wobena. Ntchito imene amadziwika nayo ndi yothira nyimbo ndi mafilimu mu memory card. Koma pakati pa makasitomala ake pamakhala ena amene sanadzere nyimbo. Amafika foni ili m'manja, n'kudandaula kuti, "Achimwene, foni yadzadza. Mundichotsereko zithunzi, koma chonde zisasowe."

Pempholi ndi la masiku ano, koma nkhawa yake inayamba kalekale. Chifikireni kamera m'mapiri a Dowa ndi Ntchisi, chomwe chakhala chikusautsa anthu n'chakuti chithunzi chikajambulidwa chimapita kuti, ndipo amachisunga ndani. Pa zaka zoposa 130 yankho lasinthasintha, koma kawirikawiri mwini nkhope ndiye wakhala womaliza kuchigwira.

Kamera inalowa m'dziko muno ili m'katundu wa alendo. Pa ulendo wa David Livingstone wa m'mitsinje ya Zambezi ndi Shire, umene unayamba mu 1858, ojambula anali John Kirk ndi Charles Livingstone, ndipo ntchitoyo inali yowawa: bokosi lolemera, mankhwala osachedwa kuwonongeka ndi kutentha, ndiponso wojambulidwa ankayenera kuima njo osagwedezeka. Mu 1888 George Eastman wa ku America anatulutsa kamera ya Kodak yogwiritsa ntchito filimu yokulunga, yoti munthu wamba n'kuyenda nayo. Chaka chotsatira, pa 28 November 1889, abusa A.C. Murray ndi T.C.B. Vlok a mpingo wa Dutch Reformed anamanga msasa pa Mvera, m'dziko la mfumu Chiwere. Mu 1894 Robert Blake anatsegula mishoni ya Kongwe kwa Msakambewa.

Amishoniwa anali ndi chifukwa chomveka chojambulira. Ndalama zoyendetsera ntchito zinkachokera ku mipingo ya ku South Africa, ndipo opereka ankafuna kuona ndi maso tchalitchi cha njerwa chikukwera, ana a sukulu atandanda pamzere, aphunzitsi atavala majekete. Motero zithunzi zoyamba za anthu a ku Dowa zinatuluka m'dziko, ndipo zolemba zambiri za mishoniyi lero zili m'nkhokwe ya zakale ya mpingowo ku Stellenbosch. Mukaona zithunzi za mtundu umenewu m'mabuku, mzungu amatchulidwa dzina ndi udindo womwe, pamene khamu lomuzungulira limangolembedwa kuti ndi akhristu kapena ana a sukulu. M'khamumo muli agogo a winawake wa kwa Chiwere, amene mpaka pano sadziwa kuti nkhope ya kholo lake ilipo kwinakwake. Ngakhale munthu wotchuka ngati Msyamboza wa ku Chibanzi, mfumu yakhama pa ulimi ndi malonda, timamudziwa makamaka chifukwa Samuel Nthara anakhala pansi n'kulemba mbiri yake.

Mmalawi woyamba kudziwika pa luso lojambula zithunzi anali Mungo Murray Chisuse, wosindikiza mabuku pa mishoni ya Blantyre, amene anakasulidwanso pa ntchito yake ku Scotland. Iyeyu ndiye anajambula zithunzi zotchuka za John Chilembwe ndi banja lake. Kusiyana kwake kumachita kuonekeratu. Anthu a m'zithunzi za Chisuse anavala zimene anasankha okha, akuyang'ana kamera mosaopa, ndipo anafuna okha kujambulidwa. Koma Blantyre inali kutali ndi Visanza, dzina lakale la boma la Ntchisi. Kwa amuna ambiri a m'mapiri amenewa, situdiyo yoyamba kulowamo inali ya kunja kwa dziko.

Msonkho wa atsamunda ndi kusowa kwa ntchito zinatulutsa anyamata m'midzi kupita ku Halale, ku Bulawayo ndi ku Joni. Ena ankayenda wapansi, ena ankalembedwa ndi Mthandizi wa ku minda ya ku Rhodesia, ena ndi Wenela wa ku migodi. Munthu akalandira malipiro a miyezi ingapo ankapita kukajambulitsa: suti, chipewa chopendeketsa, wotchi yoonekera bwino pamkono, nthawi zina njinga yatsopano pambali. Chithunzicho chinkabwera m'kalata, kapena m'thumba la mnzake wobwerera kumudzi. Kwa mkazi ndi makolo chinali umboni wakuti munthu ali moyo, akugwira ntchito, ndipo sanatchone. Ankachibisa pansi pa sutikesi kapena pakati pa masamba a Buku Lopatulika, n'kumachitulutsa kukabwera alendo. Mu April 1974 ndege ya Wenela inagwa ku Francistown m'dziko la Botswana n'kupha Amalawi oposa 70 amene ankabwerera kwawo, ndipo Dr Hastings Kamuzu Banda anaimitsa kulemba anthu a ku migodi. Mabanja a anthu amene anafera kunja, kaya pa ngozi imeneyi kaya m'migodi momwemo, nthawi zambiri ankatsala ndi kapepala kamodzi ka ku situdiyo kameneka basi.

Dziko litalandira ufulu mu 1964, chithunzi chofala kwambiri ku Dowa ndi Ntchisi chinali cha munthu mmodzi. Nkhope ya Kamuzu inali m'sitolo, mu ofesi ndi pa sukulu, yopachikidwa pamwamba popanda china choiposa. Inali pa ndalama, pa mabaji ndi pa nsalu za mbumba. Wailesi ya kanema kunalibe mpaka 1999, choncho zithunzi za dziko anthu ankazionera mu Boma Lathu, Moni, Odini ndi Kuunika. Kusunga chithunzi cha munthu amene boma lamutcha chigawenga kunali kudziputira nkhondo, ndipo anthu a ku Dowa ankadziwa bwino kumene nkhondo yotere imathera, popeza ndende ya Dzaleka inali m'boma lawo lomwe.

M'zaka zomwezo munatulukira munthu amene akuyenera ulemu waukulu m'mbiri imeneyi, ngakhale palibe buku limene linamulemba: wojambula wa panjinga. Kamera ili pakhosi, kachikwama ka maenvulopu kali pakaliyala, ankakwera zitunda ndi kutsika zigwa kutsata kumene kuli anthu ovala bwino. Ankadziwa tsiku la msika uliwonse, Loweruka la ukwati uliwonse wa ku CCAP ndi ku Katolika, tsiku la chinkhoswe, ndi sabata imene a Fomu 4 a pa sukulu ya Robert Blake akutsanzikana. Nyengo yake yokolola inkayendera limodzi ndi fodya. Okushoni ya ku Kanengo, imene inatsegulidwa mu 1979, ikayamba kulipira, alimi ankagula wailesi, njinga ndi malata, ndipo chilichonse mwa izi chinkafuna chithunzi. Nyengo ina inali ya Khirisimasi ndi Nyuwere, ana atavala zatsopano.

Kujambulitsa unali mwambo ndithu. Munthu ankasamba, kudzola mafuta, kubwereka nsapato ngati zake zinali zotha, n'kusankha poima: pafupi ndi maluwa a kwa aphunzitsi, kutsogolo kwa nyumba ya malata, kapena pambali pa galimoto la eni ake. Wailesi ankainyamula m'manja mlongoti utasololedwa. Amene amasunga zithunzi za m'ma 1970 ndi 1980 aona kuti simupezeka mkazi wovala buluku kapena siketi yolekeza m'mwamba mwa mawondo, ngakhalenso mwamuna wa tsitsi lalitali. Amenewo ndi malamulo a kavalidwe a 1973 akuonekera pa pepala.

Ukajambulidwa unkapereka theka la ndalama, kenaka n'kudikira. Filimu imodzi inkatenga zithunzi 36, ndipo wojambula sakanapita kukatsukitsa ku Lilongwe isanadzadze. Zikatero ankakwera basi, kapena kupatsira mnzake wopita ku tauni. Pankatha masabata, nthawi zina miyezi. Ndiye pankabwera mawu amene aliyense wa zaka zoposa 40 amawakumbukira: "Pepani, chithunzi chanu chinapsa." Mwina kuwala kunalowa m'kamera, mwina filimu inali yakale, mwina wojambulayo anali atadya ndalama. Ukwati wathunthu unkatha kupsa chonchi, ndipo ukwati subwerezedwa. Ngakhale zotuluka bwino nthawi zambiri zinkadetsa nkhope, diresi loyera likuwala koma mkwatibwi osaoneka maso. Vuto silinali la wojambula yekha. Kwa zaka zambiri makina otsukira zithunzi za makaka ankawayesera pa makadi a Kodak okhala ndi chithunzi cha mkazi wachizungu, ndipo khungu lakuda silinali m'maganizo mwa opanga.

Chopweteka kwambiri m'mbiri ya ojambula a panjinga ndi nkhani ya manegetivu. Kasitomala ankalandira pepala, negetivu n'kutsala kwa wojambula, kuti wofuna china adzalipirenso. Ndiye kuti m'katoni imodzi, pansi pa bedi la munthu mmodzi, munkakhala nkhope za mudzi wonse za zaka 20: mafumu polongedwa ufumu, makwaya, matimu a mpira, makanda amene lero ndi aphunzitsi ndi abusa. Wojambula akamwalira, kapena denga likadontha, kapena chiswe chikalowa, zonse zinkathera pomwepo. Nkhokwe ya zakale ya dziko lino, National Archives of Malawi, ili ku Zomba kuyambira 1947, koma ntchito yake yaikulu yakhala yosunga mafayilo a boma. Katoni ya wojambula wa kwa Kalumo kapena kwa Dzoole inalibe njira yofikira kumeneko.

Boma nalo linajambulapo anthu, pa zifukwa zake. Kalembera wa chisankho cha 1999 ankafuna chithunzi pa chiphaso chovotera, ndipo kuperewera kwa zipangizo kunali limodzi mwa mavuto amene anachititsa kuti chisankhocho chisunthidwe mpaka pa 15 June. Kwa agogo ambiri a kumudzi, kachithunzi ka pa chiphasoko kanali koyamba m'moyo wawo. Mu 2017 bungwe la National Registration Bureau linazungulira dziko ndi makamera, malaputopu ndi masola, n'kulemba anthu oposa 9 miliyoni kuti alandire ziphaso za unzika, ndipo Dowa ndi Ntchisi anali m'gulu la maboma oyambirira. Si zachilendo lero kuona pa maliro a munthu wokalamba chithunzi chokuzidwa kuchokera pa chiphaso, chifukwa abale asakasaka m'nyumba osapeza china.

Filimu inafa msanga. Kodak yomweyo, imene injiniya wake Steven Sasson anapanga kamera yoyamba ya dijito mu 1975, inagwa mu 2012. Kuno kwathu kampani ya mafoni a m'manja ya TNM inayamba mu 1995, Celtel inabwera mu 1999 n'kusanduka Zain, kenaka Airtel mu 2010. Mafoni oyamba anali oimbira ndi kuwunikira usiku basi. Atafika okhala ndi kamera ndi memory card, achinyamata anayamba kutumizirana zithunzi pa Bluetooth, kenaka pa Xender ndi WhatsApp. Mafoni a Tecno ndi itel, otsika mtengo ndipo opangidwira msika wa mu Africa, anachitanso chimene filimu inalephera: kamera zake anazikonza kuti zizionetsa bwino khungu lakuda. Wojambula wa panjinga anaona makasitomala akuchepa. Ena anagula kamera ya dijito ndi kapulinta konyamula, n'kumatsuka chithunzi pa ukwati pomwepo. Ena anatsegula timasitudiyo todalira zithunzi za pasipoti ndi za ziphaso za mayeso a MANEB. Ambiri anabwerera kumunda.

Kalembera wa anthu wa 2018 anapeza anthu 772,569 ku Dowa ndi 317,069 ku Ntchisi. M'dziko lonse, mabanja oposa theka anali ndi foni ya m'manja, koma okhala ndi kompyuta sankafika 5 pa 100 aliwonse, ndipo owunikira magetsi a ESCOM anali pafupifupi 11 pa 100. Ziwerengero zimenezi zikulongosola chifukwa chake wobena ali ndi ntchito. Kamera ili m'thumba la anthu ambiri, koma poti asungirepo zimene yajambula palibe.

Ntchito yakeyo ikamaoneka ngati yophweka, ndi chifukwa chakuti waizolowera. Amalumikiza foni ku kompyuta ndi chingwe cha USB, ndipo amadziwa kuti zingwe zina zotchipa n'zongotchajira, sizidutsa kanthu. Pa foni amasankha File transfer, apo ayi kompyuta siiona. Amatsegula foda ya DCIM, momwe mumakhala zithunzi za kamera, ndipo ngati ali wosamala amakumbukiranso kuti zobwera pa WhatsApp zimakhala m'foda ina. Foni ikakhala yosweka galasi, amazula memory card n'kuilowetsa mu card reader. Apa m'pamene pamasiyana wobena wabwino ndi wothamangira ndalama. Wabwino amayamba wakopa, n'kutsegula zithunzi zingapo kuti mwiniwake aone kuti zafika, kenaka n'kufufuta za m'foni. Wothamanga amangodula n'kumata, ndipo magetsi akathima ntchito ili pakati, zina zimawonongeka osapezekanso kulikonse.

Adani ena ndi odziwika. Pali vairasi imene imabisa mafoda a mu flash n'kusiya ma shortcut okhaokha, mwiniwake n'kuganiza kuti zonse zapita, n'kuvomera kufomata pamene zithunzi zikadalimo. Pali ma memory card achinyengo olembedwa kukula kumene alibe, amene amalandira zithunzi mpaka kudzadza kenaka n'kuyamba kuwononga zakale mwakachetechete. Pali kompyuta ya wobenayo, imene ikadwala amaifomata yonse, pamodzi ndi foda imene kasitomala anaisungitsa miyezi itatu yapitayo. Ena amati zonsezi zinatha ndi Google Photos, imene imapereka malo a 15 GB kwaulere. N'zoona, koma kukweza zithunzi kumadya bandulo, netiweki ya kuseri kwa phiri la Ntchisi ndi yosadalirika, ndipo akaunti ya anthu ambiri anaitsegula ndi wogulitsa foni, pasiwedi yake n'kuiwalika tsiku lomwelo. Kusungitsa pa WhatsApp nako kuli ndi mtengo wake: chithunzi chimafinyidwa kuti chipepuke, ndipo tsiku lofuna kuchikuza kuti chilowe mu felemu chimatuluka chosaoneka bwino, pokhapokha chitatumizidwa ngati document.

Palinso nkhani ya chinsinsi, imene ambiri saiganizira popereka foni. Zithunzi zikadutsa pa kompyuta ya pa msika, nthawi zina zimatsalira pomwepo, ndipo amene avulala kwambiri ndi zimenezi ndi atsikana ndi amayi. Lamulo la 2016 la Electronic Transactions and Cyber Security limaletsa kuzunza munthu kudzera pa intaneti, koma chithunzi chikalowa m'magulu a WhatsApp palibe wapolisi amene angachibweze. Eni mwambo nawonso ali ndi dandaulo lawo. Dowa ndi Ntchisi ndi kuchimake kwa Gule Wamkulu, amene UNESCO inamulemekeza mu 2005. Zovinidwa pabwalo n'zoti anthu aone, koma za kudambwe zili ndi eni ake, ndipo mnyamata mmodzi wopanda mwambo atha kuzimwaza dziko lonse ndi foni ya m'thumba. Akuluakulu akamaletsa mafoni pamalo ena sikuti akudana ndi chitukuko, akuteteza chimene makolo anasunga kwa mibadwo.

Amene akudziwa kulemera kwa chithunzi kuposa wina aliyense m'boma la Dowa ndi anthu a pa Dzaleka. Malo amene anali ndende aja anasanduka msasa wa othawa nkhondo mu 1994, ndipo lero muli anthu oposa 50,000, ambiri ochokera ku Democratic Republic of Congo, Burundi ndi Rwanda. Kwa munthu amene anasiya nyumba ikuyaka, zithunzi za m'foni zitha kukhala zokhazo zotsala za makolo, za sukulu ndi za mudzi. Mumsasamo muli masitudiyo, okonza mafoni, ndi sukulu zophunzitsa kompyuta monga TakenoLAB imene anayambitsa Remy Gakwaya wa ku Burundi. Chikondwerero cha Tumaini, chimene Menes la Plume anayambitsa mu 2014, chimakoka ojambula ochokera kutali, koma chosangalatsa n'chakuti achinyamata a mumsasamo nawo akudzijambula okha ndi kufotokoza okha nkhani zawo.

Tikaunika mbiri yonseyi, chodetsa nkhawa n'chakuti m'badwo umene wajambula kwambiri ndi umene ungadzasiye zochepa. Chithunzi cha pa pepala cha ku Joni cha 1960 chikadalipo m'masutikesi ambiri, chofiirira koma chooneka. Zithunzi za m'foni za 2012 n'zochepa zimene zatsala, chifukwa mafoniwo anabedwa, anagwera m'madzi, kapena anagulitsidwa nthawi ya njala ndi zonse zili momwemo. Wobena wagwira ntchito yothandiza ndithu, koma kompyuta ya pa msika ndi podutsira chabe, ndipo n'kulakwa kuisenzetsa mbiri ya mabanja a boma lonse.

Zochita zake si zodula. Zithunzi zofunika zikhale malo awiri osiyana, monga mu flash yosungidwa m'nyumba ndi pa akaunti imene pasiwedi yake yalembedwa m'kope. Zofunikitsitsa, za makolo, za ukwati, za mwana wobadwa kumene, zitsukidwe pa pepala, ndipo kumbuyo kwake kulembedwe mayina, mudzi, mfumu ndi chaka. Zakale za m'sutikesi zijambulidwe ndi foni pa kuwala kwa panja agogo akadali moyo kuti atchule amene alimo. Makhonsolo a Dowa ndi Ntchisi, Sinodi ya Nkhoma, maparishi ndi sukulu zakale ngati Robert Blake ali ndi makompyuta ndi zipinda zokhoma: afunefune ojambula a panjinga amene akadalipo, agule kapena abwereke makatoni awo a manegetivu, awasunge mwadongosolo mvula ya chaka chino isanawapeze.